Dzanja Limene Bambo Sanalione

Nyumba 212, Msewu wa Alder
Lachitatu, 11 Disembala

Okondedwa achemwali anga a Corinthia,

Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupezani muli bwino pamodzi ndi ana. Nanga Mayi shuga wawo akuti bwanji masiku ano? Bambo phewa lija likuwalola kugona? Ife kuno kumpoto tili bwino, kungoti kuzizira kwake n'kwachipongwe. Chipale chofewa chinayamba kugwa sabata yatha, galimoto m'mawa imachita kunyengereredwa kuti ilire. Kamwana kathu Odette wagulula dzino lakutsogolo ndipo akufuna aliyense adziwe, ngakhale wobweretsa makalata.

Uthenga wanu wa pa foni ndinaumva, ndipo ndinaumvera kawiri. Sindinayimbe chifukwa ndikanalankhula mawu amene mwana wa dikoni sayenera kulankhula. Ndasankha pepala poti pepala silidula munthu mawu. Mwati Lamulungu mutaweruka kutchalitchi anthu anadzaza pabalaza kwa Bambo kudzaonera masewero athu, Mayi atakazinga milamba, ndipo masewero onse anatha dzina langa lisanatchulidwe ngakhale kamodzi. Mwati alamu anga a Thaddeus anafunsa Bambo pamaso pa anthu ngati mwana wawo akusewerabe mpira kapena anayamba kugulitsa matikiti pageti. Mwatinso Bambo anangozimitsa TV n'kutuluka panja, ndipo mpaka lero sanapite kometetsa kumene amacheza ndi anzawo, ngakhale kutchula dzina langa. Zonsezo ndamva. Tsopano inunso mundimvere, chifukwa TV imatsata mpira, ndipo kumene ndinali ine mpira sunafikeko.

Choyamba mudziwe zimene sindinauze aliyense kumudziko. Mnzathu wina amene anathyoka mwendo mu Seputembala wachira, ndipo pa mpira wathu woponyerana ndi manjawu m'timu mulibe malo a owakha mpira asanu ndi awiri. Mmodzi wa ife anayenera kuchotsedwa Lachiwiri. Ine ndili ndi zaka 31, bondo langa limadziwa za mvula isanabwere. Sindinafunike wondiombezera kuti ndidziwe kuti masewero a Lamulungu anali mayeso anga.

Tsoka lake tinkakumana ndi timu ya Ozell Mabry. Ndikudziwa kuti alamu anga amati Mabry ndi dzina chabe, poti chaka chonse chino walanda mpira m'malere kamodzi kokha. Muwauze kuti galu wolusa saluma anthu ambiri, chifukwa palibe amene amadutsa pakhomo pake. Mabry ndi konabaki, ntchito yake ndi kumamatira wowakha mmodzi m'mphepete mwa bwalo kuti mpira usamupeze. Sasuntha, amaima mbali imodzi yomweyo, kudzanja lathu lamanja, ndipo safuna womuthandiza. Ndiye wotchinga wakumbuyo amene akanamuthandiza amapita mbali inayo, wowakha wathu wabwino n'kupezeka ali pakati pa anthu awiri. Munthu mmodzi amakulandani theka la bwalo, n'kukuwonjezerani mdani pa theka lotsalalo. Zimenezi sizilembedwa m'nyuzi, ndipo munthu ngati alamu angawo, amene pa bwalo la mpira anapondapo ndi lipenga la bandi ya sukulu basi, sangazione.

Lachitatu lapitalo m'mawa a Kessler, kochi wathu woyang'anira zoponya ndi zowakha, anatisonkhanitsa. Ndi bambo woyenda ndi chipepala chokutidwa pulasitiki ngati menyu ya m'lesitilanti, ndipo mumtima mwawo amakhulupirira kuti mpira anauyambitsa ndi iwo. Anajambula bwalo pa bolodi, natenga cholembera chofiira, n'kudetsa mbali yonse yakumanja. Anati sabata ino kumeneko ndi kudziwe, mpira ukapitako wamira. Mapulani amene takhala tikuloweza kuyambira Julayi anafufuta pafupifupi theka. Kenaka anayamba kuwerenga maina. Dontay, yemwe ndi katswiri wathu ndipo amaima kumanja chaka chonse, anamusamutsira kumanzere. Ena awiri anawaika kumanzere komweko ndi pakati. Pa mbali yofiira ija analembapo dzina limodzi, langa.

Achemwali, timu ikamakumana ndi munthu ngati Mabry imamupatsa wowakha amene singamulire. Aliyense m'chipindamo ankadziwa zimenezo, ndipo palibe anandiyang'ana. A Kessler anayesa kuzithira shuga. Anati ntchito yanga ndi yaulemu kwambiri, ndizithamanga mpaka kumapeto kwa bwalo ulendo uliwonse, Mabry azinditsatira, atope, asaone zimene zikuchitika kwina. Ndinawafunsa kuti nanga Lachiwiri likafika, munthu amene sanagwire mpira ngakhale umodzi adzamuweruza bwanji. Anandigwira paphewa, nati iwo sayang'ana manambala, amayang'ana kanema. Mawu amenewo muwasunge.

Zamanyazi zenizeni zinali pokonzekera. Mwambo wake ndi woti mmodzi wa osewera apabenchi amavala nambala ya mdani woopsayo kuti maso athu azolowere. Jezi ya 24, nambala ya Mabry, anaveka munthu wina dzina lake Purvis, wamtima wabwino koma wothamanga ngati akukankha wilibala. Tsiku loyamba ndinamusiya kanayi. Ulendo wachinayi Tanner Voss, woponya mpira wathu, anandiona n'kundiponyera, ine n'kuwakha bwinobwino. A Kessler analiza wezulo, anamenyetsa chipewa pansi, n'kumukalipira Voss pamaso pa tonse kuti aphunzitse khosi lake kusatembenukira kumanja. Kuyambira pamenepo mpaka Lachisanu, amuna akuluakulu andevu zawo ankaopa nsalu. Purvis mwini wake ankangoseka. Anati chibadwire sanalemekezedwepo chonchi, ndipo anapempha kuti jeziyo apite nayo kunyumba, mwina mkazi wake angayambe kumuopako.

Voss ndimamumvetsa, koma pang'ono pokha. Chaka chatha Mabry anamulanda mipira iwiri, umodzi n'kuthamanga nawo mpaka kugoletsa, ndipo pa TV anaonetsa zimenezo sabata yathunthu. Chichokereni apo mnyamatayu akamva dzina la Mabry amayamba kufuna madzi akumwa. Ali ndi mkono wabwino, tsitsi labwino, ndipo nkhope yake ili pa zikwangwani za ogulitsa magalimoto mumzinda monse muno. Chimene alibe sichigulitsidwa m'sitolo.

Lamulungu masana, ulendo woyamba, ndinapita kukaima kumanja kwanga kuja. Mabry anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kuchisoti.

"Mkulu, mwawalakwira chiyani anzanu?" anatero. "Kuno amatumizako anthu oti bokosi anawagulira kale."

Ndinamuuza kuti atseke pakamwa, mano angamuzizire.

"Ayi, tichezeko, mkulu. Ine kuno ndimasungulumwa. Sabata yatha anandipatsa wina wosalankhula, ndinatsala pang'ono kugona choimirira."

Ndisakunamizeni, munthuyo ntchito amaidziwa. Magawo awiri oyamba anali pa ine ngati malaya onyowa. Sayang'ana maso kapena mapewa, amayang'ana m'chiuno, poti chiuno ndiye chimaulula kumene munthu akupita. Ndikati nditembenuke ndinkapeza iye watembenuka kale. Ndinathamanga maulendo makumi atatu, chifuwa chikupsa ndi mphepo yozizira, osaona ngakhale mpira umodzi ukuloza kwanga. Mbali inayo kunali kothinana ngati pakhomo la tchalitchi tsiku la maliro. Othamanga ndi mpira nawonso ankangopita kumanzere, adani athu n'kumawadikirira komweko. Dontay ankawakha timipira ta mayadi anayi, n'kumadzuka akuvina ngati wagoletsa.

Koma munthu amatopa kulondera nyumba imene mbala sizibwera. Gawo lachitatu ndinaona kuti maso a Mabry achoka m'chiuno mwanga, akusuzumira kwa Voss, kufuna kudumphira mipira yapakati imene sinali yake. Ndinamuyesa kamodzi, ndinachita ngati ndaima kenaka n'kudutsa. Anachedwa ndi phazi limodzi. Ndinamuyesanso, anachedwanso. Titabwerera pabenchi ndinapita kwa a Kessler, ndinawauza kuti munthu uja wawodzera, andiponyere kamodzi kokha. Sanachotse n'komwe maso pa menyu yawo ija. Anati pulani ndi pulani, ndipo Mabry amachitira dala zimenezo kuti akole opusa. Ndinapita kwa Voss. Ndinamuuza kuti galu wamkota sakandira pachabe, zaka zisanu ndi zinayi ndili m'masewero amenewa, angondiyang'anako kamodzi. Anandiyankha atafunda thaulo kumutu kuti iye safuna kukhalanso pa TV sabata yathunthu.

Kutatsala masekondi makumi anayi tinali m'mbuyo ndi mapointi anayi, mayadi makumi atatu kuti tigoletse, ndipo unali mwayi wathu womaliza. A Kessler anaitanitsa mpira wa Dontay, umene aliyense m'bwalomo ankaudziwa, ngakhale ogulitsa masoseji. Mpira utangochoka pansi ndinathamanga mayadi khumi, n'kuponda ngati ndikukhotera mkati. Mabry analowa mkati ndi thupi lonse. Ine ndinadutsa kunja. Achemwali, ndinali ndekhandekha. Kutsogolo kunalibe munthu, Mabry anali mayadi asanu kumbuyo kwanga, ndikumumva akutukwana. Ndinakweza dzanja.

Inu mukudziwa tanthauzo la dzanja limenelo kwathu. Mukukumbuka kuseri kwa nyumba, pakati pa mtengo wa pekani ndi chingwe choyanikapo zovala, Bambo atangoweruka kufakitale, fumbi la simenti lidakali m'tsitsi, iwo akuponya, ine ndikuthamanga, inu mukunditchinga mutamanga diresi m'chiuno. Konabaki wanga woyamba munali inu, ndipo munkakoka malaya Bambo akayang'ana kumbali. Lamulo lawo linali limodzi. Ankati ukamusiya munthu kweza dzanja, ndikuona, koma ukakweza usanamusiye wandinamiza. Tsiku lina ndinakweza inu muli pamsana panga penipeni. Anaika mpira pansi n'kulowa m'nyumba, ndipo masiku atatu sanandiponyere. Kuyambira tsiku limenelo, kusekondale, kukoleji, mpaka kuno, sindinakwezepo dzanja monama.

Voss sanatembenuke. Khosi lake linaphunzira bwino. Anaponya kumanzere, pakati pa anthu awiri aja, mpira n'kumenyedwera pansi. Ine ndinafika pogoletsera dzanja lidakali m'mwamba, ngati mwana wasukulu wopempha kupita panja aphunzitsi atatembenukira kubolodi. Mkazi wanga Renita akuti olengeza pa TV anayamikira Mabry kuti munthu wake wamufufuta masana onse, osavutika n'kutchula kuti wofufutidwayo ndani.

Masewero atatha Mabry anandifunafuna pakati pa anthu mpaka anandipeza.

"Mkulu, mwandiphika lero," anatero. "Katatu. Komalizaka ndiye mwandimaliziratu."

Ndinamufunsa chimene analowera mkati chonchija pa mpira womaliza, ngati munthu wongoyamba kumene.

"Ndiope chiyani? Mnyamata wanu uja sanandiyang'ane chiyambire masana. Ine theka la ntchito yanga amandigwirira makochi anu Lachitatu, Lamulungu ndimangobwera kudzasaina. Akanakhala wolimba mtima, bwenzi sabata ino pa TV akuonetsa ine."

Anandimenya pachisoti n'kumapita. M'bwalo lonse lija, anthu zikwi makumi asanu ndi limodzi, amene anandiona ndi iye yekha, munthu amene ntchito yake ndi yoti ine ndisaoneke.

Lolemba tinakhala pansi kuonera kanema. Uyu si wa pa TV uja. Ndi wa makochi, wojambulidwa kuchokera pamwamba pa bwalo, woonetsa osewera onse nthawi imodzi. Titafika pa mpira womaliza, ine ndili apo poyera, ndekha pa udzu, dzanja m'mwamba. Wina kumbuyo anaimba likhweru. Dontay, amene sayamikira munthu wina koma wa pagalasi, anati pamenepo akanaponya ngakhale agogo ake, ndipo agogo akewo ali ndi ng'ala. Voss anali kalikiliki kuwerenga zingwe za nsapato zake. Ine ndinadikira a Kessler, bambo woyang'ana kanema uja. Anabweza kawiri. Kenaka anandifunsa kuti papepala panalembedwa kuti ndithamange molunjika, nanga kupondera mkati kuja ndinakutenga kuti. Anati timu singayende aliyense akamapanga zake. Anadina batani, tinapita pa nkhani ina.

Dzulo m'mawa nditangolowa pakhomo, munthu wa muofesi anandiuza kuti akuluakulu akundifuna m'mwamba, ndipo nditenge tabuleti yanga ya mapulani. Aliyense pa ntchito yathuyi amadziwa tanthauzo la mawu amenewo. Anandiyamikira kwambiri, anati ndine chitsanzo kwa achinyamata, anati chitseko chawo n'chotsekula nthawi zonse. Kenaka anatembenuza pepala kuti ndione ndekha: Lamulungu, maulendo 64, mipira yowakhidwa ziro. A Kessler anali pomwepo. Ndinawakumbutsa za kanema. Anayang'ana pawindo, nati chipale chayambanso kugwa. Katundu wanga anandipatsira m'thumba lakuda la zinyalala, monga amachitira ndi aliyense.

Choncho ntchito yatha, achemwali. Wondifunira matimu akuti ayimba mafoni, koma mwezi uno ndi Disembala, zaka ndi zimenezi, bondo ndi limeneli, tisanamizane. Sindikupempha kuti mundimvere chisoni. Renita akugwirabe ntchito kuchipatala ndipo sitigona ndi njala. A Kessler sindikuwakwiyira n'komwe, munthu sukwiyira nkhuku chifukwa chothawa mthunzi wa kabawi. Sabata ino akumana ndi timu ina, apeza wina womuopa, ndipo cholembera chofiira chija chidakali ndi inki.

Chimene chikundiwawa ndi Bambo. Anthu a kumalo ometera anene zimene akufuna, ambiri a iwo sangathamange kuchoka pampando kufika pakhomo. Koma Bambo akuganiza kuti mwana amene anamuphunzitsa ndi phewa lawo lomwe lija anathamanga masana onse osamusiya munthu ngakhale kamodzi, kapena kuti anachita mantha n'kubisala. Zimenezo sindingazipirire. Kalatayi ikamafika adzakhala atamva kale kuti andichotsa, poti alamu anga sangalole nkhani yokoma chonchi igone m'nyumba.

Pempho langa ndi limodzi. M'envelopu muno mupeza kafulashi. Lolemba madzulo, podziwa za mawa lake, ndinajambula mpira womaliza uja ndi foni kuchokera pa tabuleti. Ndi masekondi asanu ndi anayi okha. Loweruka m'mawa Mayi akapita kukwaya, mupite kwa Bambo nokha. Alamu anga muwasiye kunyumba, muwapatse lipenga lawo azipukuta. Mulowetse kafulashiko pa TV. Musawafotokozere za a Kessler, za jezi, kapena chilichonse cha m'kalata muno, mukudziwa kuti Bambo sakonda munthu wobwera ndi zifukwa. Mungowapatsa magalasi awo, muwauze kuti ulendo uno asatsate mpira. Ayang'ane m'munsi mwenimweni mwa chithunzi, nambala yanga 83. Dzanja likangokwera, muimitse pomwepo.

Mundiperekere moni kwa Mayi, muwauze kuti ndikudya mokwanira, ngakhale buledi wa chimanga wa kuno amathira shuga ngati keke. Moni kwa azakhali a Verlene, ndipo asaleke kundipempherera, koma asinthe mutu wa pemphero. Moni kwa ana anu onse atatu. Alamu anga a Thaddeus muwapatsenso moni, poti ndi amuna anu ndipo munasankha nokha. Renita ndi Odette akuti moni kwa nonse.

Bambo musawapatse moni wanga kaye. Mukaimitsa kanemayo muwafunse funso limodzi lokha, ngati dzanjalo lanama. Akadzuka n'kutuluka osayankha, musandibisire, mundilembere. Akati silinaname, muwauze kuti pa Khirisimasi ndikubwera ndi mpira, phewalo ayambiretu kulithira mankhwala. Inunso mupezeretu nsapato zoti mudzanditchingire, chifukwa ndikufuna kukwezanso dzanja pamaso pa munthu amene amatembenuka.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Lavelle